N'chifukwa chiyani kumalesitilanti apamwamba chakudya chimachepa koma bilu n'kukula?

Ku Kasungu kuno malo odyera timawayeza ndi mimba. Nsima ibwere yotentha, mitanda iwiri kapena itatu, nkhuku ya lokolo isambe mumsuzi, pambali pakhale nkhwani wotendera kapena nyemba, ndipo potuluka lamba akhale atathina. Muyeso umenewu ndi umene timakwera nawo basi pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 130 mpaka ku Lilongwe, tsiku limene taitanidwa kumalo aja oyala nsalu zoyera patebulo. Mwina ndi mlimi wa fodya amene kampani imene amalima nayo pa kontirakiti yamuitanira chakudya chamadzulo, mwina mphunzitsi amene wapita kumsonkhano, mwinanso makolo amene mwana wawo wabwera kuchokera ku Johannesburg ndipo akufuna kuwachitira zabwino. Pobwerako nkhani imafanana: mbale zinabwera zisanu, zonse zokongola, koma pofika kunyumba munthu anatereka poto wa nsima.

Dandauloli si labodza ayi. Kungoti malo amenewa sagulitsa kukhuta. Chimene amagulitsa ndi ntchito ya manja ambiri, yochuluka mwa iyo yochitika wodyayo asanafike n'komwe, komanso mpando umene munthu amaukhalira madzulo onse. Mukamvetsa mmene ntchitoyo imayendera, mantha a mafoloko amatha, ndipo mumayamba kusiyanitsa malo amene akukupatsani zoyenera ndalama yanu ndi malo amene akungokulipiritsani nsalu ya patebulo.

Zambiri zimene zimadabwitsa mlendo zimachokera pa chinthu chimodzi, kubwera kwa mbale imodziimodzi. Kale anthu olemera a ku France ankaunjika zakudya zamitundumitundu patebulo nthawi imodzi, aliyense n'kumatapa zimene dzanja lake lafikira. Tebulo linkaoneka lochititsa kaso, koma chakudya chinkazizira chisanadyedwe, ndipo wokhala kumapeto ankangomva fungo la mbale imene ili kutali. M'zaka za m'ma 1800 kunafala kachitidwe kena kamene ankati n'ka ku Russia, service à la russe: antchito agawiretu chakudya, chibwere mtundu umodzi pa nthawi, aliyense alandire gawo lake likadali lotentha, mbale zichotsedwe, kenako kubwere china. Zitatero, gawo lililonse linayenera kuchepa, apo ayi munthu sakanafika pa mbale yachinayi. Mipeni ndi mafoloko zinachuluka, popeza foloko imene mwadyera nsomba imapita limodzi ndi mbale yake. Operekera nawo anafunika ambiri, ndipo malipiro awo mpaka lero amakhala m'bilu.

Masiku ano mukangokhala pansi amabweretsa buledi ndi batala. Malo ena amaonjezera kanthu kongoponya m'kamwa kamene simunaitanitse, amuse-bouche. Kameneka ndi moni wa wophika ndipo sikalembedwa pa bilu. Kenako starter, kaya supu, kaya saladi, kaya kansomba. Ndiye mbale yaikulu ya nyama kapena nsomba, pomaliza zotsekemera ndi khofi kapena tiyi. Menyu ikakhala ya à la carte mumasankha nokha, chilichonse ndi mtengo wake. Ikakhala tasting menu mwasankhiridwa kale, timbale 5, 7 kapena kuposerapo pa mtengo umodzi, ndipo kawirikawiri tebulo lonse liyenera kuvomera kudya zomwezo kuti kukhitchini asasokonezeke.

Njala ija gwero lake ndi kamangidwe ka mbale. Kwathu chakudya ndi nsima, ndiwo zimangoperekeza. Munthu amene wadya mpunga masana amatha kunena mosanama kuti lero sanadye. Kumeneko zinthu n'zotembenuza. Nyama kapena nsomba ndiye mwini mbale, ndipo mbatata ya kachewere yophwanya kapena mpunga n'zimene zimaperekeza, masupuni awiri basi. Batala, kirimu ndi mafuta zimene zili m'zakudyazi n'zambiri ndithu, moti thupi limakhala litalandira zokwanira, koma mimba yozolowera kulemera kwa nsima imakana kuvomereza. Ndiye buledi uja musamunyoze, ndipo ngati pa menyu pali zoonjezera za pambali, itanitsani chimodzi. Palibe adzakuchekeni diso.

Ndalama zambiri zimathera kukhitchini. Dongosolo la makhitchini amenewa limayenda ndi dzina la Auguste Escoffier, wophika wa ku France amene anabadwa mu 1846 n'kumwalira mu 1935. Iyeyu anaphikirapo asilikali pa nkhondo ya France ndi Prussia ya mu 1870, ndipo mu 1890 anakayendetsa khitchini ya hotela ya Savoy ku London, César Ritz akuyang'anira hotelayo. Escoffier anagawa khitchini m'zigawo, chilichonse ndi mwini wake. Pamwamba pali shefu wamkulu, amene amalemba menyu ndi kuona mbale iliyonse isanatuluke. Pansi pake pali sous chef, wachiwiri wake. Kenako wa misuzi, wa nsomba, wa nyama yowotcha, wa masamba, wa zozizira, wa makeke ndi zotsekemera, aliyense ndi anyamata kapena atsikana amene akuphunzira ntchito, mpaka wotsuka mapoto, amene sadziwika ndi kasitomala aliyense koma akajomba khitchini yonse imatsamwa.

Amene anaonapo kuseri kwa ukwati wa kumudzi sangadabwe nazo izi. Amayi a nsima ali pa mafuwa awo, a mpunga pawo, abambo osenda mbuzi ali pansi pa mtengo, ndipo pali mayi mmodzi amene mphika suphulidwa iye asanalawe. Kusiyana kwake n'kwakuti paukwati zonse zimapsa kamodzi, anthu n'kufola pamzere. M'lesitilanti tebulo lililonse lili ndi wotchi yakeyake.

Tiyerekeze tebulo la anthu anayi. Abambo aitanitsa nyama ya ng'ombe, amayi chambo, mwana wawo nkhuku, mpongozi mbale ya masamba okhaokha. Kapepala kakafika kukhitchini, shefu amakawerenga mokweza ndipo chigawo chilichonse chimavomera. Wa nkhuku amayamba, popeza yake imachedwa kupsa. Wa ng'ombe amawotcha nyama pamoto waukali kenako n'kuiika pambali mphindi zingapo kuti ipume. Akaidula nthawi yomweyo, madzi ake amathera m'mbale nyama n'kuuma. Wa nsomba amangodikira, chiwaya chili pamoto, chifukwa mnofu wa chambo umapsa pa mphindi zochepa ndipo ukapitirira pang'ono wawonongeka. Akamva mnzake akufuula kuti kwatsala mphindi zitatu, amagoneka nsomba khungu pansi n'kuidinikiza pang'ono kuti isapindike. Mbale zinayi, zimene zinali zikutenthedwa kale, zimakumana pa tebulo lalitali la kukhomo kwa khitchini. Shefu amathira msuzi, amapukuta m'mphepete mwa mbale ndi kansalu, ndipo zonse zinayi zimatuluka limodzi, kuti pasakhale wodya pomwe anzake akuyang'ana. Imodzi ikalakwika, kumalo okhwimitsa zinthu zinazo zimaphikidwanso. Zimenezi zikuchitika pa matebulo 15 amene anthu ake anafika nthawi zosiyana.

Kuti zitheke, ntchito yeniyeni imayamba m'mawa, makasitomala a madzulo akadali kumaofesi kwawo. Ophika amaitcha mise en place: anyezi adulidwiretu, masamba atsukidwe ndi kusankhidwa, nyama igawidwe pa sikelo kuti wodya Lolemba ndi wodya Lachisanu alandire kulemera kofanana, chilichonse chikhale m'kabakuli kake pamene dzanja lingachipeze munthu osayang'ana.

Chitsanzo chabwino ndi kamsuzi kakuda kaja kamene kamabwera timadontho pambali pa nyama, kamene ambiri timakaona ngati chinyengo. Mafupa a ng'ombe amawotchedwa mu uvuni mpaka afiire. Amaikidwa mumphika waukulu pamodzi ndi anyezi, kaloti ndi celery, amathiridwa madzi ozizira, ndipo amawira pang'onopang'ono maola 8 kapena kupitirira, wina akuwengula thovu ndi mafuta pamwamba. Akasefa, madziwo amabwereranso pamoto, nthawi zambiri ndi vinyo wofiira, mpaka aphwere. Mphika umene unali wodzaza umatsala ndi kakang'ono pansi, konata pa supuni. Kunatako si kwa ufa, ndi mitsempha ndi zam'mafupa zimene zasungunuka. Masupuni awiri amene ali pambale yanu adya gasi wa tsiku lathunthu. Mukafuna kudziwa ngati malo ali apamwamba zenizeni, lawani msuziwo pawokha musanakhudze nyama. Wa m'paketi umayamba ndi mchere n'kuzimiririka. Wa mafupa umakhalitsa m'kamwa ndipo milomo imamatirira pang'ono.

Palinso zotayika. Chambo chathunthu mukachichotsa mutu, minga, mamba ndi zam'mimba, mnofu wotsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Choncho kamnofu kopanda minga kamene kali pambale kanagulidwa pa mtengo wa nsomba yonse. Kwa ife izi zimapweteka mtima, popeza wodziwa kudya chambo mutu ndi umene amausungira komaliza. Kukhitchini yabwino sutayidwa, umalowa mumphika wa msuzi wa nsomba, komabe ine ndimaona kuti apa mwambo wa ku Ulaya unatimana chinthu chokoma, ndipo shefu wa ku Malawi amene angalimbe mtima n'kubweretsa mutuwo patebulo ndingamuombere m'manja.

Pa kawerengedwe ka ndalama, eni malesitilanti amayesetsa kuti zophikira zisadye zoposa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa pa menyu. Zotsalazo zimapita ku malipiro, lendi, magetsi, gasi, kuchapa nsalu tsiku ndi tsiku, matambula osweka, ndipo phindu limakhala lochepa kuposa mmene bilu imaonetsera. Kuno kwathu palinso za kwathu. Firiji yodzaza nyama, kirimu ndi nsomba singadikire kuti magetsi ayake, ndiye jenereta iyenera kulira, ndipo dizilo wake ali m'mbale yanu. Vinyo, tchizi, mafuta a olivi ndi chokoleti chophikira zambiri zimadutsa malire, makamaka kuchokera ku South Africa, ndipo zimafuna ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, khitchini iliyonse yodalira katundu wakunja inamva kuwawa kwake nthawi yomweyo.

Ndiyeno mpando. Pamalo odyera a pafupi ndi depoti ya Kasungu, mpando umodzi umakhalidwa ndi anthu angapo pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko: wadya, wasamba m'manja, wapita. Kulesitilanti yapamwamba munthu amakhala maola awiri kapena atatu, ndipo mpandowo mwina sugulitsidwanso usiku umenewo. Ndalama zonse za tsikulo ziyenera kuchokera kwa anthu ochepawo. Apa m'pamene pagona nkhani yosungitsa malo. Akadziwa kuti kubwera anthu angati, amagula nsomba zokwanira anthuwo ndi kuitana antchito okwanira. Munthu amene wasungitsa tebulo la anthu 6 n'kusabwera, foni osaimba, wawatayitsa chakudya ndi mipando yomwe, n'chifukwa chake malo ena amafuna ndalama ya chikole. Poimba foni yosungitsa malo funsaninso za kavalidwe. Kawirikawiri malaya a kolala ndi nsapato zotseka, kapena diresi ya chitenje yosokedwa bwino, zimakwana.

Za patebulo penipeni, zimene anthu amaziopa kwambiri, n'zochepa kuposa mmene zimaonekera. Mipeni ndi mafoloko anaziyala motsatira kabweredwe ka mbale, ndiye yambani ndi zakunja muzilowa mkati. Kasupuni ndi kafoloko togona kumtunda kwa mbale n'ta zotsekemera. Kambale ka buledi ndi ka kumanzere kwanu, matambula ndi a kumanja. Kansalu kopinda kaja kamapita pamiyendo. Mukamaliza gonekani mpeni ndi foloko pamodzi pakati pa mbale, woperekera adziwa kuti achotse. Mukasokoneza foloko amangobweretsa ina, si mlandu. Beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja sizibwera zokha, ndiye sambiranitu musanakhale pansi, popeza buledi amanyema ndi manja. Ndipo ngati pa menyu pali nsima, monga zimakhalira m'mahotela athu ena, pemphani madzi osamba ndipo idyani ndi dzanja. Nsima ya pafoloko ndi ulemu wopita pachabe.

Weyita wa malo oterewa si wongonyamula mbale. Amayenera kudziwa chimene chili m'chakudya chilichonse, ndipo ena anachita kuphunzira ntchitoyi kusukulu monga Malawi Institute of Tourism. Ku Mzuzu University nakonso amaphunzitsa za mahotela ndi zokopa alendo. Mluzu, kuwomba m'manja kapena "iwe" sizigwira ntchito kumeneko. Kumuyang'ana n'kukweza dzanja pang'ono n'kokwanira. Menyu ikadzaza mawu a Chifalansa, funsani poyera: "Achimwene, ichi n'chiyani, nanga chimabwera ndi chiyani?" Yankho lake limakhala longa ili: "Bwana, imeneyo ndi nyama ya bakha, imabwera ndi mbatata pang'ono. Koma ngati mukufuna chogwira mimba, ndingakulangizeni iyi." Wofunsa amadya bwino kuposa wongoloza chala pa dzina limene sakulidziwa poopa kuoneka wakumudzi.

Naye weyita ali ndi mafunso ake, ndipo ena amapunthwitsa alendo. Akafunsa ngati mukufuna madzi a still kapena sparkling, akutanthauza opanda mpweya kapena a mpweya, ndipo onsewo ndi a m'botolo, olipira. Funso lovuta kwambiri kwa ife ndi la kapsedwe ka nyama ya ng'ombe: rare (yofiira mkati), medium (yapakatikati) kapena well done (yopsa mpaka mkati). Madzi ofiira amene amatuluka mu nyama ya medium si magazi, magazi anatuluka pozinga. Ndi madzi a mnofu osakanikirana ndi myoglobin, chimene chimapatsa nyama mtundu wake wofiira. Ophika amakonda medium kapena medium rare chifukwa nyama yofewa monga fillet ikapsetsa imauma, ndiye munthu walipira kufewa kumene walamula yekha kuti kuwotchedwe. Pa nthuli yathunthu ya ng'ombe tizilombo toyambitsa matenda timakhala kunja, kumene moto waukali umafika. Nkhuku ndi nyama yogaya n'zosiyana, zimenezo ziyenera kupsa mpaka mkati. Komabe ngati mtima wanu sulola nyama yofiira, nenani well done mosachita manyazi, kapena chitani mwanzeru posankha nyama yophikidwa nthawi yaitali pamoto wochepa, monga mchira wa ng'ombe, imene kukoma kwake kumachokera pa kupsetsa komweko.

Amafunsanso ngati pali chakudya chimene thupi lanu limadana nacho. Ife okulira m'minda ya mtedza wa Chalimbana tingaseke kumva kuti pali anthu amene kansinjiro pang'ono kangawatseke kupuma, koma alipo, ndipo khitchini simachita nazo chibwana. Funso lomweli ndi mpata wa amene sadya nkhumba kapena sakhudza mowa chifukwa cha chipembedzo. Nenani, pakuti nyama ya nkhumba yofukiza ndi vinyo zimabisala m'misuzi ndi m'masupu momwe diso silingazione.

Mwambo wa vinyo umachititsa anthu thukuta pachabe. Weyita, kapena katswiri wa vinyo amene amamutcha sommelier, amaonetsa botolo kwa amene waitanitsa kuti atsimikize dzina ndi chaka. Amatsegula, amathira pang'ono, n'kuima chilili. Sakufunsa ngati vinyoyo wakukomerani. Akufunsa ngati sanawonongeke, chifukwa nthawi zina chotsekera cha khungwa la mtengo chimapatsa vinyo fungo la katoni yonyowa. Nunkhizani, lawani, gwedezani mutu, basi. Dziwaninso kuti pa zakumwa m'pamene malo ambiri amapezera phindu. Botolo la vinyo limatha kukhala kawiri kapena katatu mtengo wa m'sitolo. Amene samwa sakuswa lamulo lililonse.

Nanga amagamula ndani kuti lesitilanti iyi ndi yapamwamba? Dzina lomveka kwambiri ndi Michelin, ndipo inde, ndi kampani ya matayala ija. Mu 1900 abale awiri, André ndi Édouard Michelin, anatulutsa kabuku kothandiza oyendetsa galimoto ku France kudziwa kogula mafuta, kokonzetsa galimoto ndi kogona, pofuna kuti anthu aziyendayenda, matayala azitha, agule ena. Pambuyo pake m'kabukumo munalowa malo odyera. Mu 1926 anayamba kuwapatsa nyenyezi, ndipo mu 1931 nyenyezizo zinafika pa zitatu. Imodzi ikutanthauza malo abwino kwambiri, ziwiri malo oyenera kupatukira ngakhale si njira yanu, zitatu malo oyenera kunyamukira ulendo wakewake. Oyendera ake sadziulula, amalipira bilu ngati wina aliyense, ndipo amayang'ana za m'mbale: ubwino wa zophikira, luso la kaphikidwe, kugwirizana kwa makomedwe, dzanja la shefu mwiniwake, ndi kusasinthasintha, kuti chimene mwadya Lachiwiri chikhale chomwecho Loweruka shefu wamkulu kulibe. Ku Malawi Michelin siyendera malesitilanti. Nyenyezi zimene timaziona pa zikwangwani za mahotela ndi nkhani ina. Zimayeza hotela yonse ndi zipinda zake, osati luso la kukhitchini.

Ndiye kuno tiyenera kuyeza tokha, ndipo ine ndimaika patsogolo kusasinthasintha kuja. Malo amene anakusangalatsani mu Meyi n'kukukhumudwitsani mu Juni pa mbale yomweyo si apamwamba, anangochita mwayi. Menyu yaifupi ndi chizindikiro chabwino. Menyu ya masamba 6 yokhala ndi pizza, curry, sushi ndi nyama yowotcha ikukuuzani kuti akuphika ndi firiji yowumitsa. Weyita amene akudziwa kumene nsomba yachokera ndi tsiku limene yafika akusonyeza kuti kukhitchini amalankhulana. Ndimakayikiranso malo amene amanyadira salmon yochokera ku Norway pomwe nyanja ili pa Salima ndi pa Nkhotakota pomwepa. Pamenepo mukulipira ndege ndi ayezi.

Chosangalatsa n'chakuti ophika otchuka padziko anatembenukira kale ku zakudya za pakhomo pawo. Noma ya ku Copenhagen, imene inatsegulidwa mu 2003 shefu wake ali René Redzepi, inamveka chifukwa chophika zomera zakutchire ndi za m'mphepete mwa nyanja za kwawo komweko, mpaka nyerere, ndipo mu 2010 inakhala nambala wani pa mndandanda wa The World's 50 Best Restaurants. Kufupi kuno, Wolfgat ya m'mudzi wa asodzi wa Paternoster ku South Africa, ya mipando 20 yokha, inasankhidwa kukhala lesitilanti ya chaka pa World Restaurant Awards ku Paris mu 2019, ikuphika zotola m'mphepete mwa nyanja ya kumeneko.

Munthu wa ku Kasungu akamva zimenezi ayende pamsika wake nyengo ya dzinja, maso ali tcheru. Bowa wa manyame amene amamera pansi pa mitengo ya mombo ndi wa mtundu umodzi ndi chanterelle amene ophika a ku Ulaya amagula modula. Pali ndelema, utale, matondo, uchi, bonongwe, chisoso, masuku, nkhunda, mbuzi zodya tchire. Chimene chimalepheretsa zinthuzi kufika m'makhitchini a ku Lilongwe si kukoma. Shefu amafuna katundu wofanana kukula, wosankhidwa bwino, wofika tsiku limene munagwirizana, sabata ndi sabata, lisiti lili m'manja. Mtedza ukhale wouma bwino, wopanda chuku. Nkhuku zifike zozizira. Akalemba chinthu pa menyu sangakauze kasitomala kuti lero wobweretsa anasowa thiransipoti. Mlimi mmodzi payekha zimamuvuta, koma kalabu kapena kopaletivu imene ingasunge lonjezo la Lachinayi lililonse ingapeze msika wolipira bwino kuposa mavenda a sikelo za m'mbali mwa msewu.

Bilu kumalo amenewa sibwera mpaka mutaipempha, chifukwa kuibweretsa musanafunse amakuwerengera ngati kukuthamangitsani. Ikabwera iwerengeni modekha, si chamanyazi. Pansi pa mitengo ya zakudya pamatha kukhala VAT, msonkho wa zokopa alendo umene amalemba kuti tourism levy, ndipo malo ena amaonjezera service charge, ndalama yolipirira ntchito ya operekera. N'kwanzeru kuyang'aniratu kumapeto kwa menyu musanaitanitse, pamene pali timalemba tating'onoting'ono tonena ngati mitengoyo ikuphatikiza misonkho kapena ayi. Pa tebulo la anthu anayi kusiyana kwake si kochepa. Ngati service charge palibe, kangachepe ka pafupifupi 10 peresenti ndi kamene anthu amasiyira weyita akakhutira ndi ntchito yake. Ngati ilipo simukakamizidwa kuonjezera, koma si kulakwa kufunsa weyita motsitsa mawu ngati ndalamayo imawafikadi antchito. Chakudya chikatsala pambale, malo ambiri amakukulungirani mukapempha.

Wolipira ndi amene anaitana anzake, pokhapokha mutagwirizana kale zogawana, ndipo ngati mukugawana muuzeni weyita pachiyambi kuti alembe mosiyanitsa, m'malo moyamba kuwerengetsera pa foni mbale zitachotsedwa. Ngati ndinu woitanidwa ndipo simukudziwa pamene thumba la wokuitananiyo likuthera, mufunseni chimene iye akufuna kudya, inu n'kusankha cha mtengo woyandikana nacho.